Chibangili cha mkuwa chinakana maginito anga

Ndikukumbukira chaka chimene amalume ogwira ntchito ku njanji anandipatsa maginito ochokera m'wayilesi yakufa. Mtakataka yense mwana wokhala ndi maginito ndinali ine ndekha, mukafunse! Ndinkawakoka mumchenga, n'kutuluka atamera ndevu zakuda, anzanga kukamwa yasa.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, achemwali anga a Filomena anabwera akuthamanga. Anali atavala mobisa chibangili cha mkuwa cha amayi, chosiyiridwa ndi amayi awo, ndiye potunga madzi chinavuka n'kugwera m'chitsime. Amayi anali atathyola kale kamtengo ka bwemba.

"Mayi, musawamenye," ndinatero ine, chifuwa patsogolo. "Chitsulo chilichonse chimandimvera."

Ndinamanga maginito ku luzi n'kutsitsa. Mudzi wonse unazungulira, fungo la matope ozizira likukwera. Kukoka koyamba, misomali yadzimbiri. Kachiwiri, mbedza ndi chivindikiro cha chitini. Chibangili chikuoneka pansi mbuu, maginito akuchigunda, koma osagwira. Gogo wina anati chili ndi mizimu. Palibe ankadziwa kuti mkuwa sukokedwa.

Kenaka luzi linalemera. Kutulutsa, mpeni wa abambo wosendera mlaza, womwe chaka chonse ankati anaba ndi a Zuze oyandikana nafe! A Zuzewo anali pomwepo, ndipo anacheukira abambo.

"Achimwene, ndiye ndinabisa patali, eti?"

Anthu anagwa nacho chiseko. Abambo anangoti mutu zyoli, amayi kuseka mpaka misozi, kamtengo kaja kanagwa m'manja osatolanso. A Filomena anapulumuka.

Lero mdzukulu wanga Tadala ali kunja kwa dziko lino, ndipo ntchito yake ndi yomweyi ya maginito. Akuti amaphatikiza mkuwa ndi zina, n'kuwotcha ngati mbiya mpaka kukhala kamwala kakuda. Kamwalako akakaziziritsa kuposa Dedza wa mu Juni, magetsi amadutsamo osapunthwa. Ndiye amakaika m'maginito aakulu ngati nkhokwe, n'kukatumizira mafunde a wayilesi, iye ndi anzake n'kumamvetsera mmene mkuwa ukuyankhira. Akuti m'katimo muli timaginito ting'onoting'ono.

Ndinakuwa pa foni: "Ndinanena ine! Anga anangochepa mphamvu!"

"Agogo, ngakhale athuwa sangakoke chibangili."

Ana a masiku ano amafulumira kutaya mtima. Anthu pano amatunga pa mjigo, koma chitsime chija ndakana kuti achikwirire, poti chibangili chikadali momwemo. Tadala adzabwere nawo maginito akewo, luzi ndili nalo.