Mkulu Womvetsera Pampu ya Madzi

Tayerekezani m'mawa wamba mumsewu wathu. Ana akupita kusukulu, ndipo pageti pakhala mkulu wina wokalamba amene ndi makaniko, akumvetsera galimoto iliyonse yodutsa. Iwo amati injini siifa mwadzidzidzi, imayamba yadandaula. Akagunditsa kachitsulo pa pampu ya madzi ya galimoto, mbali inayo ili kukhutu, ngakhale akazi awo amadziwa kuti si nthawi yowayankhulitsa.

Tsiku la mayeso, minibasi ya mphwawo inaima pageti pomwepo, nthunzi ili tolotolo, itanyamula ana athu a kalasi yomaliza. Mphwawoyo ankafuna kungothiramo madzi n'kumapita.

"Dikira, ungapse," anatero mkuluyo, akutchera khutu injini isanazimitsidwe. Mu pampu munkalira ngati muli timiyala. Pakamwa pa rediyeta, pothirira madzi oziziritsa injini, panali chisanza chomangidwa ndi mphira.

"Chotsekera chili kuti, iwe?"

"Chinagwa kalekale, achimwene. Komatu imayenda bwinobwino."

"Imayenda ikudzidya. Popanda chotsekera madzi amachita thovu, ndipo thovulo likamaphulika limakukuta mapiko a pampu. Pachitunda paja injini ikapsa, ana awa akalembera mumsewu?"

Mtsikana wina anayamba kulira mwakachetechete, pensulo ili m'manja. Mphwawo ankangopondaponda, koma mkuluyo sanakhudze rediyeta mpaka itazizira. Kenako anathira madzi pang'onopang'ono, anakamasula chotsekera cha galimoto yawo yomwe, n'kudzachimanga pa minibasiyo. Injini italira anamvetseranso kanthawi, n'kugwedeza mutu kuti apite.

Ana onse analowa m'chipinda cha mayeso mapepala asanagawidwe.