Wofunsidwa Nambala 14

Inu amene mumayenda chowerama chifukwa cha zimene munachita kale, tamverani izi.

Tsiku limene bomba la zigawenga linaphulika pamsika, mtsikana wina anayankhula zimene sanazionetsetse. Anthu ankamutcha Natayipi, poti atalephera mayeso kawiri ankatayipira anthu makalata pakhonde la sitolo. Utsi usanathe n'komwe, iye anakuwa: "Ndinaona bambo osoka nsapato aja akusiya thumba pageti!"

Thumbalo linalidi lawo, koma munali nsapato zakutha zokhazokha. Nanga gulu lolusa limafunsa? Anawamenya mpaka khutu lakumanzere linagontha, n'kuwaotchera benchi ndi zida zonse.

Zigawenga zenizeni zitagwidwa, Natayipi anasowa poika nkhope. Anasamuka dera. Nsapato ikang'ambika ankangoimata ndi guluu, kuopa kuima pamaso pa wosoka aliyense.

Patapita zaka zitatu, mayi wina wophunzitsa ku yunivesite anamulemba ntchito. Mayiyo ankafufuza mmene uchigawenga umadanitsira anthu okhala pamodzi. Ntchito ya Natayipi inali kuvala mahedifoni, kumvetsera mawu ojambulidwa a anthu ofunsidwa, n'kutayipa liwu ndi liwu. Mayina sankalembedwa, aliyense anali ndi nambala.

Atafika pa nambala 14, anasiya kutayipa. Mawuwo ankawadziwa.

"Bomba silinandikhudze ine," anatero bambo aja m'makutu mwake. "Chinandigwetsa ndi pakamwa pa mwana wotayipa makalata, amene ndinkamusokera nsapato ulere."

Natayipi anavula mahedifoni. Ntchito imeneyi ndiyo inkamudyetsa, ndipo aphunzitsiwo ankadziwa kuti kale ankatayipa pamsika womwewo. Ndiye anachita zimene otayipa amachita phokoso likachuluka. Analemba kuti: apa mawu sakumveka.

Bodza lamkunkhuniza! Mawuwo ankamveka ngati belu.

Mawa lake analowa mu ofesi maso ali pansi, atatayipanso tsambalo bwinobwino.

"Aphunzitsi, mwana akunenedwa apayu ndine. Dzulo ndinafufuta mawu awo. Bambowa ndawalakwira kawiri tsopano. Mukandichotsa ntchito sindidandaula."

Aphunzitsiwo anawerenga tsambalo mpaka pansi, kenako anakoka mpando.

"Ovulala ndacheza nawo ambiri, koma woloza chala sindinamupezepo. Onse amabisala. Khala apa ndikufunse nawenso, ndiwe nambala 31. Tikamaliza ukalembetsenso mayeso aja."

Sizinali zophweka ayi. Masamu anamugwetsanso kachitatu, anzake a m'kalasi n'kumamutcha agogo. Iye analimbikirabe, masana kutayipa, madzulo sukulu. Anakhoza, analowa yunivesite, ndipo kafukufuku wake anali wa mphekesera zimene zimabuka bomba likaphulika, ndi mmene zimapwetekera osalakwa. Patsamba loyamba la buku la kafukufukuyo analemba yekha zimene anachita pageti paja.

Koma kulemba n'kosavuta, abale. Zinamutengera zaka zisanu ndi zitatu kuti miyendo ilole kupita kumsika kuja.

Anawapeza bambowo pabenchi latsopano, imvi zili mbuu. Anagwada n'kuyamba kupepesa.

"Zungulira mbali iyi," anatero bambowo. "Khutu ilo unalitseka wekha."

Anazungulira, nayambiranso. Anawawerengera tsamba loyamba lonse anthu akumva, ndipo manyazi ake anali osaneneka. Bambowo anakoka ulusi.

"Khutu silibwerera, mwana iwe. Koma wanena pagulu, monga unandinamizira pagulu." Kenako analoza pansi ndi singano. "Vula nsapatoyo. Yayasama ngati mwini wake."

Natayipi anavula, nakhala pabenchipo phazi lili pamtunda, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Inu amene munalakwa, madzi akatayika saoleka, n'zoona. Koma musalembe kuti mawu sakumveka pamene akumveka. Zungulirani mbali ya khutu lomva, muyambirenso. Osataya mtima.