Dzenje Lofunda la Philomène

Ndakumba manda m'tauni yathu ino, kumpoto kwa Maine, ku America, zaka makumi anayi. Kuyambira Disembala mpaka Meyi sitiika maliro. Nthaka imauma ndi kuzizira ngati simenti mpaka kufika m'chiuno, piki imangodumpha. Womwalira m'miyezi imeneyi timamusunga m'kanyumba ka miyala kamene kali pachipata cha manda, bokosi lili pa shelefu, mpaka nthaka itafewa. Bambo anga anadikira m'menemo miyezi inayi. Palibe anadandaula.

Dieufort Exantus anabwera mu Novembala kuchokera ku Haiti, dziko lotentha, munthu wamkulu wa imvi, pamodzi ndi mkazi wake Philomène. Anawaitanitsa ndi mwana wawo Guerline, amene amagwira ntchito kufakitale ya mbatatesi. Nyumba yawo ndi yoyang'anana ndi yanga. Tinkamvana m'Chifalansa, changa cha kuno, chake cha kwawo.

Sinowo yoyamba, madzi oundana ogwa ngati ufa, itagwa ndinamupeza Dieufort akusesa pakhomo ndi tsache, atavala nsapato za kutchalitchi.

"Madala, mumaliza chaka chamawa," ndinatero.

"Nanga ufa wanuwu mumauchotsa bwanji, a Normand?"

Ndinamupatsa fosholo yakale ndi jombo za malemu mchimwene wanga. Mawa lake anathira madzi otentha pamasitepe kuti pasungunuke. Pofika masana panali poterera ngati galasi, ndipo woyamba kugwa anali iye mwini. Anadzuka akuseka, akutukwana dziko langa.

Philomène sankaseka. Ankakhala pafupi ndi chitofu, atafunda mabulangete awiri, osafuna kuyang'ana pawindo. Ankati kuyera kwa panjako kumamuwawa m'maso. Nthawi zonse ndikalowa ankandifunsa funso limodzi: "Zitha liti zimenezi, bambo?" Ndinkamuuza zoona, kuti mu Epulo kapena mu Meyi. Mu Januwale anadwala chibayo. Anagona m'chipatala masiku asanu, n'kumwalira.

Mwambo wa kutchalitchi utatha tinanyamula bokosi kupita kumanda. Guerline anali asanawauze bambo ake za kanyumba kaja, analibe mphamvu. Nditatsekula chitseko chachitsulo, Dieufort anaima.

"Dzenje lili kuti?"

"Mu Meyi," ndinatero.

Analowa. Munali kale mabokosi awiri. Anagwira khoma ndi dzanja lopanda gulovu, n'kulichotsa msanga.

"Mukufuna kuwaika pa shelefu amake Guerline? Ngati thumba la mpunga?"

"Ndi mmene timachitira kuno."

"Munthu ameneyu wazizidwa miyezi iwiri ali moyo. Afe, azizidwebe?"

Tinamuika pa shelefu ndipo ndinatseka.

M'mawa mwake ndinapeza njira yokumbidwa bwino m'sinowo kuchokera mumsewu mpaka pachitseko cha kanyumbako. Fosholo inali yanga ija. Dieufort anali ataima pamenepo, chipewa chili m'manja, makutu atayera ndi kuzizira. Anachita zimenezi masiku asanu ndi limodzi. Guerline anabwera kwa ine akulira, akuti bambo sakudya, ndipo akapitiriza tidzaika awiri.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinamutengera Dieufort pamalo amene banjalo linapatsidwa, kuti aone yekha. Tinachotsa sinowo. Ndinamupatsa piki. Anamenya katatu, panangotuluka tizidutswa ngati ta mbale yosweka.

"Mwaona?"

Anagwada, n'kupapasa nthakayo.

"Munayesapo moto?"

"Akale ankayesa. Ine ndinayesapo kamodzi. Ndinatha nkhuni za mwezi wathunthu, panafewa chikhatho chimodzi."

"Moto wa malawi?"

"Nanga pali wina?"

Anandiyang'ana ngati ndine mwana. "Zaka makumi anayi, a Normand, osadziwa moto? Wa malawi umawothetsa mitambo. Ine ndakalamba ndikuwotcha makala. Ndipezereni nkhuni, udzu, malata ndi mchenga."

Ndinakauza a komiti ya manda. Anati chikapsa china mlandu ndi wanga. Nkhuni ndinatenga zanga, udzu kwa mlimi wa ng'ombe, mchenga pa mulu wothira mumsewu.

Dieufort anasanja nkhunizo mothithikana, muyezo wa bokosi, n'kufunditsa udzu. Pamwamba anaika malata, kenako mchenga, n'kusiya timabowo tinayi m'munsi. Atayatsa sipanaoneke lawi, utsi wokha woonda. Ankazungulira mulu uja ngati namwino, apa kutseka, apa kutsekula pang'ono. Ine ndinkangomupatsira zimene wapempha.

"Musaime chabe, madala, bweretsani mchenga."

"Manda ndi anga ano," ndinatero.

"Manda ndi anu, moto ndi wanga."

Patatha tsiku lathunthu tinafukula. Fosholo inalowa. Tinakumba mpaka m'mawondo, n'kukumananso ndi pouma. Anasanjanso nkhuni m'dzenjemo. Tinatero katatu, masiku anayi. Zala zake ziwiri za kumanzere zinachita matuza ndi chisanu chifukwa ankavula magulovu pomvera kutentha kwa mchenga, ndipo mpaka lero sizimva kanthu. Ndinamukalipira. Sanandimvere.

Titapyola pouma, kunsi kunali dothi wamba. Ndinati ndimalize ndekha, popeza mwamuna sakumba manda a mkazi wake. Anavomera, koma anatenga makala otsala n'kuwayala pansi pa dzenjelo, akuyaka, mpaka m'mawa wa maliro. Anawachotsa yekha ndi fosholo anthu atayamba kufika.

Tinamuika Philomène pa 3 Febuluwale. Tinalipo anthu khumi ndi mmodzi, mphepo ikudula nkhope. M'dzenjemo munkatuluka nthunzi. Tisanatsitse bokosi, Dieufort anagona chamimba m'mphepete, n'kupisa mkono mpaka paphewa, kugwira khoma la dzenjelo.

"Mwafunda," anatero. "Tsitsani."

Sanalire pamenepo. Anakwirira nafe mpaka kumaliza, n'kundibwezera fosholo. Ndinamuuza kuti ndi yake.

Papita zaka zitatu. Sinowo sanaikonde, ndipo sanamizira kuti amaikonda. Amadziwa kuyenda pouma moterera, amathira mchenga osati madzi, amadziwa kuti thambo likayera kwambiri ndiye kuti kuzizira koopsa. Guerline anafuna kuti asamukire kum'mwera, kofunda. Anakana.

Chaka chatha mayi wina wa konkuno, mwamuna wake atamwalira mu Januwale, anabwera kudzafunsa ngati bambo a makala aja angawathandize. Ndinapita kukamuuza. Anali pakhomo akuchotsa sinowo.

"Nkhuni zilipo?" anafunsa.

"Zilipo."

Analowa kukatenga magulovu.