Ngalande pa Kapinga wa Eni

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Clondalkin, dera la mumzinda wa Dublin ku Ireland, awiriwiri ndi amayi. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ntchito yanga inali yowavutitsa kuti nafenso tizichita zimene anzanga a kusukulu ankachita, ndipo ndinkaigwira mokhulupirika. Chaka chimenecho nkhani inali yokagona m'tenti. Mnzanga Orla ndi makolo ake ankapita chaka chilichonse kumalo ena osungidwa bwino m'mbali mwa nyanja, ulendo wa maola awiri kuchoka ku Dublin, ndipo ulendo uno anatiitana kuti tipite nawo.

Nditawauza, amayi anandiyang'ana kwa kanthawi n'kundifunsa ngati nyumba ya anthuwo ikudontha. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, kenako ndinasintha njira n'kuyamba kutsuka mbale osatumidwa. Patatha sabata anangoti apempha masiku awiri kuntchito. Sindinafunse chimene chinawasintha maganizo. Ndinkangoti ndapambana.

Tinafika Lachisanu masana. Kapinga anali wometedwa ngati bwalo la mpira, madzi a m'nyanjamo ali bii ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo paliponse pankamveka fungo la soseji yowotcha. Bambo ake a Orla anasankha malo pafupi penipeni ndi madzi, n'kutisiyira mpata pambali pawo. Amayi anathokoza koma sanatsitse katundu. Anayamba kuyendayenda maso ali pansi, akudinda nthaka ndi chidendene, mpaka anakaima pamtunda, pafupi ndi zimbudzi. Ndinachita manyazi. Chimene ndinkafuna pa ulendo wonsewo chinali chimodzi: Orla aone kuti ifenso ndife anthu ngati ena onse, kuti chaka chamawa adzatiitanenso.

Tenti yobwereka ija amayi anaimika msanga, osayang'ana n'komwe pepala la malangizo, pamene bambo ake a Orla anali akulimbanabe ndi zingwe kumunsi kuja. Ndikanakhala mwana woganiza ndikanadabwa, koma maso anga anali pa zimbudzi. Atamaliza anapisa m'chikwama n'kutulutsa kakhasu kamene ankalimira mpiru m'ndowa kuseri kwa nyumba yathu. Anawerama n'kuyamba kukumba ngalande mozungulira tenti yonse, mwaluso lake, n'kuitulutsira kanjira kolowera kumunsi. Anthu a m'matenti oyandikana anasiya kutembenuza soseji. Orla anafika n'kundifunsa chimene amayi anga akudzala. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika n'kundimeza.

Posakhalitsa anabwera woyang'anira malowo, bambo wina wamtali wa ndevu zotuwa. Sanakalipe. Anafotokoza mwaulemu kuti kukumba pakapingapo n'koletsedwa, chifukwa aliyense akamakumba, chilimwe chisanathe pangakhale munda. Amayi anali asanatsegule pakamwa pamene ine ndinalumphira kutsogolo kwawo. Ndi Chingerezi changa chosalala chija, chimene ndinkanyadira kuti chimaposa chawo, ndinapepesa m'malo mwawo. Ndinati awakhululukire, sadziwa zinthu zimenezi, kwathu kulibe, ndipo chibadwire sanagonepo m'tenti. Ndinasekanso pang'ono, kuti bamboyo ndi Orla aone kuti ine ndili mbali yawo.

Amayi anaweramuka, kakhasu kali m'manja. Anayankha m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono, akuyang'ana bamboyo osati ine. Anati apepesa chifukwa cha kapinga, amubwezera mmene analili, koma m'tenti anagonamo miyezi isanu. Bamboyo anangogwedeza mutu n'kunena kuti palibe vuto. Orla anabwerera kwa makolo ake.

"Iwe Tadala, gwada apa. Udzu uwu ubwerere pomwe unali," amayi anandiuza.

Tinagwada, iwo kutsogolo ine pambuyo, tikubwezera zibuma n'kumazipsinja ndi manja. Dothi linali lozizira, lonunkhira chinyontho. Tili pakati pa ntchitoyo anayamba kulankhula, ngati akuuza udzuwo. Anati ali ndi zaka ngati zangazo, madzi osefukira anakokolola mudzi wawo ku Chikwawa. Anawasonkhanitsa pabwalo la sukulu n'kuwapatsa tenti imodzi anthu asanu ndi atatu. Mvula sinasiye. Ntchito yawo monga mwana wamkulu inali yokonza ngalande m'mawa uliwonse, chifukwa tsiku limene anaiwala, madzi analowa n'kunyowetsa ufa wonse ndi makope awo a sukulu. Anati kuyambira pamenepo amadana ndi fungo la nsalu ya tenti.

Manyazi amene ndinamva pamenepo anali a mtundu wina, oposa a zimbudzi aja. Ndinawafunsa, m'Chichewa ulendo uno, chifukwa chimene anavomerera kubwera.

"Unapempha," anatero. "Psinja bwino apo, pakuonekabe."

Ndinkayembekeza kuti azula tenti tibwerere, ndipo ndikanapanda chonena. Sanatero. Anasamba m'manja n'kutenga mandasi amene anakazinga m'mawa, kupita nawo kumunsi kwa makolo a Orla. Mvula sinagwe masiku onse atatu, choncho palibe amene anaona ngati ngalande ija inali yofunika. Loweruka ine ndi Orla tinasambira mpaka milomo kuchita kunjenjemera. Amayi anayamba afunsa kawiri konse kwa bambo wa ndevu uja ngati m'madzimo mulibe ng'ona. Atawatsimikizira, anakhala pamwala n'kuviika mapazi, chitenje atachikwinyira m'mawondo, akuseka ndi mayi ake a Orla za kuzizira kwake. Sindinkawaona kawirikawiri atakhala pansi dzuwa likuswa mtengo popanda chogwira m'manja, ndipo ndinasangalala.

Lamlungu tikupinda tenti ndinawafunsa ngati agona bwino. Anati tulo tinali tochepa, koma tenti iyi aikonda pa chinthu chimodzi.

"Iyi ukatopa nayo umaipinda, n'kubwerera kunyumba."

Chaka chotsatira anatiitananso, ndipo amayi ndi amene anayamba kulongedza.

Pano ndine wamkulu, ndipo kuntchito kwanga kuchipatala nthawi zina ndimamasulira anthu akwathu amene Chingerezi chimawavuta. Mtima wofuna kulumphira kutsogolo uja sunandichoke. Ndimaumva ukubwera, makamaka munthu akachita chinthu chimene ena akuchiona chachilendo. Koma ndimadikira ayambe alankhula yekha. Ndinakhala ndi amayi anga m'nyumba imodzi zaka khumi ndi chimodzi, ndikudziwa nsapato zimene amavala ndi basi imene amakwera, ndipo ndinaima pamaso pa alendo n'kunena motsimikiza zimene sanachitepo m'moyo wawo, ndisanawafunse ngakhale funso limodzi.