Kabolodi Kanga Sikosunga M'kabati

Tsiku limene amayi anandifunsa ngati ndiwatsatire ku Canada kapena nditsale kwa azakhali ku Kasungu, ndinayang'ana pansi n'kugwedeza mutu. Iwo anati ndavomera. M'buku langa la tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti, "Ndikupita, koma Mwayi sindinamuuze." Mwayi ndi mnzanga amene tinkakhala desiki limodzi kuyambira Sitandade 5. Ndinamuuza kutatsala masiku atatu. Anangoti, "Ukatibweretsere chipale chofewa m'jumbo."

Ku Scarborough tinkakhala pamwamba penipeni m'nyumba yosanja. Amayi amasamalira okalamba ku Oshawa, ndiye ankalawira kukakwera sitima, ine n'kumadya ndekha. Kusukulu ndinkalankhula motsitsa, aphunzitsi akati ndibwereze, mawu n'kuthawiratu. Nthawi ya nkhomaliro ndinkabisala m'chipinda cha makompyuta, poti mmenemo munthu wosalankhula sadabwitsa.

Tsiku lina mayi Farida, aphunzitsi a kompyuta, anandiikira kutsogolo kabolodi kobiriwira kokwana m'dzanja.

"Iyi ndi kompyuta yathunthu," anatero, "koma m'mutu mulibe kanthu. Uikemo wekha."

Zonse zimakhala pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinalakwitsa katatu ndisanakayatse. Katayaka, kankaganiza kuti kiyibodi yanga ndi ya dziko lina, ndikadina chizindikiro ichi n'kumatuluka china. Nditakonza zimenezo ndinaikamo Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi pulogalamu yolemberamo. Lamulo lililonse lomwe lagwira ntchito ndinkalilemba m'buku langa, pakati pa masamba odandaula za kuzizira.

Mwayi ankanditumizira mauthenga a mawu bando ya intaneti ikapezeka. Ulendo wina anati, "Ifetu kompyuta timaphunzirira pa bolodi. Aphunzitsi ajambula mausi ndi choko, ife takopera. Yanga ndaipatsa mchira wautali." Ankaseka. Ine sindinaseke.

Pa tsiku langa lobadwa ndinapempha kabolodi kangakanga m'malo mwa nsapato. Miyezi iwiri ndinkaikamo zonse zoti kazigwira ntchito popanda intaneti: mapulogalamu, mabuku ofotokozera, zitsanzo. Ndinkathimitsa intaneti dala n'kuyesa, kakakana n'kuyambiranso. Masamba a malamulo aja ndinkawajambula n'kumutumizira Mwayi.

Tinapita kukacheza kwathu mu Julaye, sukulu zakumeneko zisanatseke. Ndinapita ku ofesi ya ahedi a sukulu yanga yakale, ndinagwada pambali pa tebulo n'kupereka kabolodi ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, mwana wathu," anatero. "Tikasunga bwino."

Anatsekula kabati yachitsulo. Munali malaputopu awiri akadali m'mapulasitiki awo, pamwamba atavindikira kansalu koluka. Ndinakumbukira mbale zamaluwa za azakhali zodikira alendo amene safika. Kwathu chinthu tikachilemekeza, timachisunga mpaka chife chili chatsopano.

"Pepani ahedi, sikosunga."

"Wati bwanji?"

"Sikosunga. N'kogwiritsa ntchito."

"Anawa akawononga tsiku limodzi."

"Akawononge. Khadi ndakopera ena awiri."

Anavula magalasi. "Kodi ku Canadako amaphunzitsa mwano?"

"Ayi, ahedi."

"Mwana iwe, chinthu chikasowa pano amene amafunsidwa ndine. Popanda kabati sindingalandire."

Sanali munthu woipa, ndipo sananame. Koma ndinatambasula dzanja, ndikadali chogwada, n'kukatenga patebulo paja. Ndinatsanzika mwaulemu wonse umene azakhali anandiphunzitsa. Ndinatuluka kabolodi kali m'manja.

Mwayi ankandidikira pansi pa mtengo wa mthethe. "Wawakaniza ahedi? Iweyo, amene unkalephera kupempha kupita kuchimbudzi?"

Anandikokera ku saluni ya amayi ake, komwe kuli TV yoonera makasitomala. Pulagi yanga ya mano awiri inakana kulowa pakhoma, iye anathamanga kukabwereka adaputa kwa otchajitsa mafoni. Amayi ake anatiyang'ana, chipeso chili m'manja.

"Mukandiphulitsira TV, nonse muziluka tsitsi mpaka Khirisimasi."

Nditakalumikiza ku TV ndi ku kiyibodi yomwe ndinabwera nayo, kanayaka. Ndinakonzeka kufotokoza pang'onopang'ono ngati mayi Farida, koma Mwayi anandikankha ndi chigongono. Anatulutsa kope lodzaza ndi malamulo anga aja, okopera pamanja, ena atawalembera mafunso m'mbali. Zala zake zinkadziwa pamene pali chilembo chilichonse. Anali atajambula kiyibodi pa katoni, ndipo iye ndi anzake atatu ankayeserera pamenepo akaweruka.

"Kompyuta yakoyi ikuti ili ku Toronto," anatero. "Waiwala kuisamutsa."

Anasintha malo ndi nthawi yekha, osandifunsa. Mayi wina amene ankamuluka mesh anatembenuza mutu kuti aone, amayi a Mwayi n'kumubweza. Dzuwa lisanapendeke atsikana aja anafika, ndipo mmodzi analemba kapulogalamu kofunsa dzina la munthu n'kumuyankha kuti, "Wadzuka bwanji, namwali?" Anakuwa ngati agoletsa chigoli. Ine ndinakhala pa benchi la makasitomala, manja pamiyendo, palibe amene ankandifuna. Chaka chonse ndinkaganiza kuti ndikuwatengera nzeru. Nzeruzo ndinazipeza zitakhala kale pakatoni, zikudikira choti zigwire.

Azakhali atamva anati, "Chinthu chodula chotero mu saluni? Bola ukanachivindikira kansalu." Ndinawayankha kuti kakavindikiridwa kamatentha. Anatembenuka n'kuuza amayi kuti mwanayu wayamba kuyankha.

Pano ndili ku Scarborough, masamba ayamba kufiira. Dzulo Mwayi watumiza chithunzi. Kabolodi kali kuseri kwa TV, katuwa ndi fumbi, tsitsi lakulungana pa chingwe, ndipo chilembo chimodzi cha pa kiyibodi chathothoka, amatapo kapepala. Khadi loyamba linafa magetsi atazima mwadzidzidzi, anaikamo lachiwiri okha.

Amayi anasuzumira pafoni yanga akuvula jekete.

"Iii, akuwonongatu kanthu kako."

"Eya," ndinatero. "Akuwononga."