Ampu Yanga ndi Bokosi la Amayi

Ampu ija, makina okuzira mawu a nyimbo ndi mafilimu, ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Katondo amene ankatseka bala yake. Inali yakuda, yolemera mothyola msana, ndipo inabwera ndi masipika asanu ndi chiwufa, chisipika chachikulu chomwe chikagunda, makapu m'kabati ankavina okha. Mwini wake anandiuza kuti ankaiyatsa masiku a mpira okha. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Pamwamba pake pankamata manja, inkanunkha fodya ndi mowa wadzana, koma ine ndinangoipukuta kunja ndi kansalu konyowa n'kunena kuti yayera.

Ndinatha Loweruka lathunthu ndikukhomera mawaya m'makoma a nyumba yathu ya ku Natuseko. Masipika awiri kutsogolo, imodzi pansi pa TV, awiri kumbuyo kwa sofa. Nditaika filimu ya nkhondo, ndege inadutsa kumbuyo kwa makutu anga mpaka ndinawerama, mkazi wanga n'kundiseka. Tsiku lomwelo ndinakhazikitsa lamulo lakuti munthu asaikhudze, asaisunthe, asaipukute. Mkazi wanga ankakolopa mozungulira shelefu yake ngati akulambalala manda.

Patatha milungu itatu amayi anabwera kudzakhala nafe. Chimwalirireni atate ankakhala okha m'nyumba ya mgodi ku Kasanda, momwe ine ndinakulira. Fumbi la kumeneko ndi la mtovu, ndipo mphepo ikaomba kuchokera ku milu ya mgodi wakale, umalimva mpaka m'mano. Chifuwa cha amayi chinali chitakana mankhwala, ndipo a kuchipatala anandiuza pamaso kuti ngati ndili ndi pogona pena, ndiwachotseko. Kuwachotsako inali ntchito. Ndinapitako maulendo anayi, ndinatumako ngakhale amayi anzawo a mumphakati wa kutchalitchi, mpaka anavomera kuti ayese kaye. Ndinkawadziwa bwino amayi anga. Akanangoona kuti akutilemera, akanabwerera ku fumbi lawo, ndipo sindikanawatulutsakonso.

Katundu wawo anali wochepa: matilesi, zitenje, ndi bokosi lachitsulo lomwe atate anachoka nalo kum'mawa pobwera kudzagwira ntchito ya pamgodi. M'bokosimo munali makalata, zithunzi, kolona yoduka ndi jekete la atate.

Sabata yomweyo mkazi wanga anapeza mphemvu m'shuga. Sizinali zikuluzikulu zouluka zija zochokera kuchimbudzi, ayi. Zinali zing'onozing'ono, zofiirira, zaliwiro, zija zoti ukaona imodzi udziwe kuti mtundu wake wonse uli pafupi. Ine mphemvu zimandinyansa kuposa njoka. Njoka imakupatsa ulemu, imathawa. Mphemvu imaima pa buledi wako n'kumagwedeza tinyanga ngati ndiwe wabwera kudzaisokoneza. Posakhalitsa zinali paliponse: m'masupuni, kuseri kwa kalendala, m'kachibowo ka mabatire a rimoti. M'mawa wina mkazi wanga anatsegula kapu ya mwana wathu wakhanda n'kupezamo ziwiri zikusambira m'mkaka wotsala. Anataya kapu ndi mkaka womwe, n'kundikokera kuchipinda.

"Ine sinifuna kukamba vambiri," anatero motsitsa mawu, m'Chinyanja chake cha m'tauni. "Koma ganizani mweka. Zaka zitatu tili muno, munaonapo mpemfu? Manje zachoka kuti?"

"Ukufuna kunena chiyani?"

"Awe, sinikamba ati ni bamama. Nikamba chabe chija chibokosi. Vintu vakudala vimasunga tudoyo."

Zakuti zinthu zawo zakale zikusunga tizilombo, mkazi wanga sakanawauza apongozi ake, mwambo sulola. Ntchito inagwera ine, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma ndinayamba ndathawa kaye. Ndinagula mankhwala opopera, n'kutulutsa aliyense panja. Ndisanapopere ndinachita chinthu chimene ndinkachiona ngati nzeru zakuya. Ndinali nditamva kuti mankhwalawa amadya tizitsulo ta m'kati mwa zipangizo zamagetsi, choncho ndinakuta ampu yanga ndi pulasitiki, ndinamata ndi tepi, pamwamba n'kufunditsa bulangeti. Chiwufa nacho chimodzimodzi. Kenaka ndinapopera nyumba yonse, makamaka chipinda cha amayi, mpaka maso anandiwawa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana onse, amayi akutsokomola ndi fungo lotuluka pawindo.

Tinasesa mitembo yodzaza fosholo. Patatha masiku asanu zinabwerera. Ndinapoperanso, ndi mankhwala aukali a pamsika, ndipo ampu ndinaifunditsanso mwachikondi ngati poyamba. Ndinachita zimenezi katatu konse.

Kachitatuko katalephera, ndinawapeza amayi m'mawa akuothera dzuwa pakhonde.

"Amama, bokosi lija bwanji tilitulutse lione dzuwa?"

"Latani bokosi?"

"Ayi, palibe. Kungoti tizilomboti timakonda zinthu zakale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anangoti, "Chabwino, atate." Amayi akanditchula kuti atate, ndiye kuti andiika patali.

Analikoka okha bokosilo, anakana kuti ndiwathandize. Anayala mphasa pabwalo, poonekera anthu odutsa ndi oyandikana nawo nyumba, n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi. Kalata iliyonse ankaitambasula n'kuikutumula. Chithunzi cha ukwati wawo anachitembenuza kawiri. Jekete la atate analitulutsa matumba kunja. Pomaliza anapendeketsa bokosi n'kuligogoda pansi. Simunatuluke mphemvu ngakhale imodzi, munkangonunkha sopo wakale. Ine ndinaona ndi maso angawa. Akuti kutsutsa galu n'kukumba, koma ine anandikumbira mpaka pansi ndipo ndinatsutsabe. Ndinati mazira ake saoneka, amabisala m'ngodya. Nditatero ndinatenga matilesi awo, omwe anagonapo ndi atate zaka zonse zija, ndinakawaotcha kudzala n'kuwagulira atsopano. Ndinkayembekezera kuti andithokoza.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kulowa m'khitchini. Anasiyanso kukhala pa sofa. Ndikaika filimu, ankakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atatambasula, mabomba akuphulika mbali zonse zisanu, iwo ali duu. Mwana ankamunyamula pokhapokha wina akawapatsira. Ndinkaziona zonsezi, koma ndinkakweza voliyumu.

Tsiku lina pambuyo pa Misa anati akufuna akaone nyumba yawo ya ku Kasanda, mvula yayandikira ndipo denga lija limadontha. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Ndinanena mawu oyenera, akuti khalani, denga ndikakonza ndine, koma ndinawanena mofooka moti ngakhale ine sindinawamve. Anaitana munthu wa njinga, anamangirira bokosi lawo pakaliyala, iwo n'kumatsatira pambuyo wapansi. Matilesi atsopano anawasiya atayala bwinobwino. Ndinene zoona, pakuti bodza landikwana: mtima wanga unakhala pansi. Ndinati tsopano nyumba iyera.

Mphemvu sizinamve kuti mlendo wapita. Zinachuluka. Ndinati ndi zotsalira, zitha zokha. Patatha milungu iwiri ampu inayamba kuzima yokha filimu ili pakati, ndipo m'nyumba munkamveka kafungo kopserera kosakanikirana ndi kena konyansa kamene sindinkakadziwa. Ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi chifuwa cha amayi. Tsiku lomwelo ndinainyamula pa takisi kupita nayo kwa mdala wina wokonza mawailesi ku Katondo.

Mdalayo amagwirira ntchito pakhonde la shopu, patebulo lodzaza mawaya. Anamasula masikuluwu asanu ndi imodzi, n'kukweza chivindikiro. Anachiponya pansi n'kudumphira kumbuyo.

Sindidziwa mmene ndingakuuzireni. Poyamba ndinaganiza kuti m'katimo anapakamo phula, kenaka phulalo linayamba kuyenda. Zinatuluka mbali zonse, zazikulu, zapakati, tina toyera tongobadwa kumene, zikutsika ndi miyendo ya tebulo, zina kulowa m'nsapato zanga. Pansi pa bokosi la ampu panali ndowe zake zakuda zochindikala ngati chala, makoko ouma, ndi timatumba ta mazira tonga nyemba tomatirira pa waya uliwonse. Pafupi ndi thiransifoma, pamene pamafunda, zinali zitaunjikana mulu, ndipo zingapo zinali zitapsa n'kumatirira pomwe moto unadumpha. Fungo lake linandilowa kukhosi. Mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi anaphimba beseni lake n'kusamuka akutukwana m'Chibemba. Ine ndinapita kuseri kwa shopu n'kusanza tiyi yense wa m'mawa.

Nditabwerera, mdala anali akuzisesa ndi burashi ya penti.

"Ba bosi, iyi si ampu, ni komboni," anatero. "Munaigula kuti?"

"Ku bala ina, konkuno."

"Ehe. Izi zinabadwira mu bala, na ambuye bao banabadwira mwamene umu. Onani matuvi aya, si ya mwezi umozi iyayi. Nanga ku nyumba simupompa?"

"Ndimapopera. Katatu konse."

"Na iyi munaipompa?"

"Iyi ndimaiphimba. Ndi pulasitiki ndi bulangeti."

Anasiya kusesa n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "So imwe munali kupaya za panja, izi mwazifundika bulangeti kuti zisamvere mphepo."

Anthu amene anasonkhana anaseka, ndipo anali ndi ufulu woseka. Ine ndinkangoona amayi atagwada pamphasa paja, akukutumula makalata a atate pamaso pa msewu wonse. Ulendo uno sizinali mphemvu zimene zinkandinyansa. Ndinali ine. Munthu wa ndevu zake, wopita kusukulu, ndinaona nyansi pa mayi wondibereka n'kulephera kuziona pa chinthu chimene chinkanunkha bala kuyambira tsiku loyamba. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, timatero, koma ine ndinamuonera mwendo womwe unali wabwinobwino.

Mdala anaiuzira ndi mpweya, anaitsuka ndi sipiriti, anasintha tizitsulo tiwiri, ndipo inalira bwino kuposa kale. Nditafika kunyumba n'kumufotokozera mkazi wanga, anakhala pansi. Kenaka anati, "Nizayenda naimwe kuli bamama." Ndinamuuza kuti ayi, amene anayatsa machesi kudzala kuja ndine.

Ndinafika ku Kasanda dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza amayi akuwaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone, monga amachitira aliyense kumeneko. Ankawaza pang'ono, n'kuima kuti atsokomole, n'kuwazanso. Ndinakhala pa mpando wa atate n'kufotokoza zonse, osasiya kanthu, mpaka za bulangeti.

"Ndiye zinali mu wailesi yako ija?"

"Ee, amama."

"Yachira?"

"Yachira."

"Chabwino. Umaikonda."

Ndinapepesa. Ndinawapempha kuti tibwerere limodzi tsiku lomwelo, ndinawakumbutsa zimene ananena a kuchipatala. Anamvetsera mpaka ndinatha mawu, kenaka anati ndakhululuka kalekale, mwana salakwira make, koma kuno ndi kwanga, ndikatsokomola sindisowetsa munthu mtendere. Atatero analowa m'nyumba kukanditengera chakudya.

Anatuluka ndi mbatata zophika ndi mbale imodzi. Mbaleyo inali yotsuka kale, youma, yochokera m'kabati. Anaiika m'beseni patsogolo panga, anaithira madzi otentha a m'ketulo, anaitsuka ndi sopo m'kati ndi kunja, anaitsukuluza kawiri. Kenaka anaipendeketsa padzuwa n'kundipatsira ndi manja awiri, ngati kwa mlendo.

"Yang'ana wekha kaye, atate, usanadyerepo."

Ndinaiyang'ana mbaleyo, n'kudyerapo mbatata zija. Papita mvula ziwiri tsopano, ndipo amayi akadali ku Kasanda, chifuwa chikukulirakulira. Ndimapitako Loweruka lililonse ndi mankhwala, ndipo ulendo uliwonse ndimawapempha kuti tibwerere. Amayankha kuti aganiza.