Tomato wa Bana Mwape

Ndikukumbukira bwalo lathu la ku Kanyama, la fumbi lofiira, limene mvula ikagwa linkasanduka dziwe la achule. Ambiri tinkasewera chimpombwa, mpira wa mapulasitiki omanga ndi zingwe. Bola yachikopa anali nayo Bwalya yekha, ndiye lamulo linali m'mapazi mwake. Akakuchita chipale, kukugwetsa dala, wolakwa unali iweyo. Lefali akangomuloza chala, iye ankanyamula bola yake n'kumapita kwawo, masewero n'kuthera pomwepo. Tinkadana nazo, koma tikanatani?

Tsiku la fainolo ndi anyamata a ku Chawama, komboni yonse inabwera, mpaka azibambo a kutaveni. Vuto linali lefali. Wathu anamukana, akuti amadya kwathu. Wawo tinamukana chifukwa anali msuweni wa goloboyi wawo. Mkulu wa mpingo naye anakanidwa, poti ankapempherera timu imodzi. Dzuwa linafika paliwombo tikukangana.

Mapeto ake tinagwirizana pa Bana Mwape, mayi wogulitsa tomato ndi nthochi pambali pa bwalo. Za ofusayidi sankazidziwa, ndipo n'chifukwa chake mbali zonse zinawakhulupirira. Anamanga chitenje, natenga wezulo, nthochi yakupsa kukhala khadi yachikasu, tomato khadi yofiira.

Chigawo chachiwiri, zigoli zili chimodzi chimodzi, Bwalya anatchera mwendo kamnyamata ka ku Chawama, kanagwa chamutu n'kutuluka magazi pamphuno. Wezulo inalira. Bana Mwape anakweza tomato m'mwamba.

 Ndinadziwa kuti fainolo yatha. Bwalya anaseka, natola bola yake, naipana m'khwapa monga mwa masiku onse.

"Tenga bola yako, mwana wanga," anatero Bana Mwape mofatsa, akupukuta thukuta. "Koma nizakuperekeza. Nikauze bamai bako vamene wachita mwana wa bene."

Eee! Amayi ake a Bwalya tonse tinkawadziwa, ndi mthiko wawo womwe. Mnyamata uja anaima ngati waponda minga. Kenako anaika bola pansi bwinobwino, nakakhala pamwala pafupi ndi tebulo la tomato, kuyang'anira malonda a lefali kuti mbuzi zisadye.

Tinaluza, zigoli zitatu kwa chimodzi, ndipo ndinalira mpaka kunyumba. Koma aka kanali koyamba pabwalo lija kuti masewero athe ndi wezulo, osati ndi mkwiyo wa mwini bola.

Masiku ano ndimaonera mipira ikuluikulu pa TV. Lefali amamusankha m'makomiti, n'kumukweza ndege kuchokera kutali, wina n'kumamuthandiza ndi makamera. Komabe osewera amamuzungulira, kumukalipira m'maso, malovu kumugwera pankhope. Anzanga amati vuto ndi malamulo. Ine ndimangomumvera chisoni bambo wa wezuloyo. Anamutenga kutali kwambiri, sadziwa mayi wa aliyense.